Killion Longwe ndi Bowo Lachinayi

Ku Chintheche, mukadutsa msika kulowera ku Bandawe, pali mtengo wa mango womwe pansi pake panada ndi oyilo. Apo ndi pantchito pa Killion Longwe. Alibe chikwangwani. Ndi bambo wamfupi, wotambalala mapewa, wogontha khutu lamanzere chifukwa cha phokoso la injini, ndipo mawu sabwereza. Akati mubwere Lachisanu, inu n'kubwera Lachitatu, sakuyang'anani n'komwe.

Kwawo kwenikweni ndi ku Usisya. Sukulu analekeza Sitandade 4 bambo ake atamwalira, ndipo amene anamulera ndi mlongo wake wamkulu, Selina. Selinayo ndiye anagulitsa usipa wa chaka chathunthu n'kumutumiza ku Mzuzu kukaphunzira umakaniko, atamumangira masipanala atatu m'chitenje. Anakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Pobwerera ankatha kumva matenda a injini ali kuseri kwa nyumba, ndipo mpingo unamusankha kukhala mkulu akadali ndi tsitsi lakuda.

M'chaka cha 2011 anaitanidwa ndi Bester Manda, mwini boti lalikulu lonyamula anthu ndi katundu pakati pa Usisya ndi ku boma. Hedi ya injini yake inali itang'aluka. Hedi ndi chivundikiro cholemera chomwe chimamangidwa pamwamba pa buloko, thunthu la injini. Ya mtundu womwewo sinapezeke, koma kunapezeka ya lole yakufa yomwe mabawuti ake ankalowa bwinobwino. Vuto linali mabowo. Mu buloko muli tinjira ta madzi oziziritsa injini, ndipo timatulukira pamwamba kukakumana ndi ta mu hedi. Hedi yachilendoyo inali ndi tinjira take. Mabowo anayi a buloko anatsala opanda anzawo, ndipo ankafunika kutsekedwa.

Killion anadula mazinga m'mabowo onse anayi, ngati a m'kati mwa nati, n'kusula zitsekero za mkuwa zopotera. Mkuwa unamuthera atatseka atatu.

"Ndikupita ku Mzuzu, masiku atatu," anauza Bester. "Injiniyi musaikhudze."

Koma pagombe panali matumba a usipa makumi anayi ndi anthu odikira ulendo. Bester anakulira m'bwato. Ankadziwa zimene mwana aliyense wa kunyanja amadziwa, kuti bwato likabooka umasema chikhomo, kuchikulunga sanza n'kukhomera. Mtengo ukamwa madzi umafufuma, bowo n'kutsekeka. Anasema chikhomo cha mlombwa ali yekha m'boti, anakhomera, anamanga hedi monga anaonera, n'kuliza injini. Chimene sanaganize n'chakuti mu injini simuli madzi okha, mulinso moto.

Atayenda maola awiri chikhomo chinapsa n'kufota, madzi n'kulowa mosayenera. Injini inatsokomola n'kuzima mwera uli pakati, ndipo mafunde anakankhira boti pamiyala. Palibe anafa. Matumba onse anapita, ndipo mayi mmodzi anapanikizika mwendo pakati pa boti ndi mwala. Mayiyo anali Selina.

Killion anatsika phiri ali ndi chitsekero chachinayi m'thumba, n'kupeza mudzi wonse uli pansi pa mkuyu wa pagombe, Bester ali chilili pakati.

"Anandiuza kuti ntchito yatha, munthu uyu! Ine ndingadziwe chiyani za m'kati mwa injini?"

Killion sanatsutse ndi pakamwa. Anatenga sipanala, anamasula hedi anthu akuona, n'kuzula chikhomo chakupsa chija. Ankaganiza kuti chimupulumutsa. Chinamumaliza.

"Mwaona?" anakuwa Bester. "Mtengo! Anatiikira mtengo!"

Mpingo unamuimitsa ukulu. Eni zigayo anasiya kumuitana. Zonsezo akanapirira. Chimene chinamusamutsa ndi uthenga umene Selina anatumiza ali m'chipatala: "Mukamuuze kuti masipanala aja sindinagule kuti adzandithyolere mwendo." Kuyambira tsiku limenelo sanamulankhulenso. Killion anatenga mkazi wake Flora ndi ana n'kupita ku Chintheche.

Kumeneko anayambira pansi, pa njinga zamoto ndi mapampu othirira mpunga a ku Limphasa. Dzina linamera lina, koma lakale silinamuchoke. Anali ndi kachitini ka mafuta odzola komwe ankasungamo zinthu ziwiri: chikhomo chakupsa ndi chitsekero cha mkuwa chomwe sichinalowe pamalo pake. Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi, komwe ankakhala benchi yakumbuyo, ankatsegula kachitiniko n'kupukuta mkuwawo mpaka kuwala.

"Tayani zimenezo, a bambo a Lusungu," Flora ankatero. "Zikukudyani."

"Zindidye. Zikakhuta ine zikadya mwini wake."

Panapita zaka khumi ndi zitatu. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, minibasi inatsitsa nkhalamba yonenepa itagwira chipewa m'manja. Killion anali pansi pa galimoto, koma anazindikira mapazi a Bester.

"Mwe uli, ada Longwe?" anapereka moni m'chilankhulo cha kwawo.

Killion anapitiriza kumanga bawuti. Ataimanga, anamanga inanso. Kenako anatuluka, anapukuta manja chala chimodzichimodzi, osapereka mpando.

"Nenani."

Bester anali ndi boti lina tsopano, ndipo matenda anali omwe aja: hedi yong'aluka, ina yachilendo, mabowo anayi opanda anzawo. Amakaniko awiri a ku Mzuzu anali atayesa. Woyamba anamata ndi guluu wa m'machubu awiri uja amati amauma ngati chitsulo. Unagwira sabata imodzi, yachiwiri n'kugamphuka ndi kutentha. Winayo anakhomera zidutswa za mabawuti achitsulo popanda kudula mazinga, ndipo zinkadontha. Boti linali litakhala pamchenga miyezi iwiri, anthu akukwera la mnzake.

"Aliyense akuti ntchito imeneyi ndi ya inu nokha," anatero Bester. "Zakale zinapita, ada. Takalamba tonse."

"Ine sindinakalambe. Ndinaima pomwe munandisiya."

"Ndibweretse buloko kuno?"

"Ayi. Ndikagwirira ku Usisya, pansi pa mkuyu. Lolemba."

Masiku amenewo Killion sanakhudze ntchito ina. Anapeza mipopi yakale ya mkuwa yomwe malo ena ogona alendo ku Kande anataya, anaidula, n'kusula zitsekero zitatu ndi tupa. Chachinayi anali nacho kale, ndipo ankadziwa kuti adzadula mazinga olingana nacho. Koma anachitanso chinthu china. Anapita kwa asodzi n'kupempha mtovu, uja amamangirira kunsi kwa ukonde kuti umire.

Mtovu ankaudziwa bwino. Ndi wofewa, umalowa m'bowo ngati phala, ndipo ukausalaza ndi tupa palibe angaone cholakwa. Umagwira mwezi, mwina iwiri. Koma injini ikatentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, mtovu umatopa n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono. Tsiku lina pakati pa nyanja umangolekerera. Ulendo wonse wa pa boti wopita ku Usisya anafumbata mtovuwo m'dzanja, akuona m'maganizo mwake Bester atakhala m'boti lakufa, akuitana amake.

Atatsala pang'ono kufika anadutsa pamiyala ija. Apo mpamene anawerengera bwino. Boti likafanso, anthu adzati chiyani? Adzati Killion wabwereza. Bester adzaimanso pansi pa mkuyu, ndipo bodza lake lakale lidzasanduka choona. Selina adzapita kumanda akudziwa kuti sanalakwe kumutaya. Mtovu ukanalanga boti, osati pakamwa pa Bester. Anauponya m'madzi. Sichinali chifundo ayi. Anangoona kuti chilangocho n'chochepa.

Buloko anali ataiika pamatabwa pansi pa mkuyu. Mbiri inali itafika kale, ndipo anthu anadzaza: ena okonza maukonde, amayi ochokera konyika chinangwa, akulu a mpingo awiri. Kumapeto kwenikweni, pa bwato lovundikira, panakhala mayi waimvi ndi ndodo. Killion anamuona kamodzi, sanayang'anenso.

Anachotsa zinyalala za anzake aja, akuzikweza m'mwamba chimodzichimodzi.

"Uyu ndi guluu. Ngomatira ndowa. Ichi n'chitsulo. Injini iyi imamwa madzi a m'nyanja, ndipo chitsulo chamtunduwu chikagona m'madzi chimadyedwa ndi dzimbiri. Mkuwa suchita dzimbiri, suopa moto, ndipo ukaupotera m'mazinga subwerera."

Anadula mazinga mosafulumira, akuthira oyilo, akubweza pang'ono, akupitiriza. Analowetsa chitsekero choyamba, chachiwiri, chachitatu, n'kuzisalaza mpaka chala chosamva polekezera. Dzuwa lili pamutu anafika pa bowo lachinayi. Anapukuta manja, anatsegula kachitini, n'kuika zinthu ziwiri pamwamba pa buloko: mkuwa wowala ndi chikhomo chakuda.

"Ada Manda, boti ndi lanu. Sankhani."

Bester anaseka mouma. "Nthabwala zanji zimenezi? Ikani mkuwa."

"Mkuwa? Inetu ndine woika mitengo. Munanena nokha pamalo pano. Kapena ndaiwala, inu anthu?"

Killion anatola nthambi ya mkuyu, anatulutsa mpeni n'kuyamba kusema.

"Ichi chakale chinafota. Ndikusemerani chatsopano. Pali amene ali ndi sanza?"

"Ada Longwe, tiyeni tikakambirane kunyumba."

"Munandipha panja. Simukandiukitsira m'nyumba."

Mmodzi wa akulu a mpingo aja, a Alufeyo, anayandikira. "Mwana wanga, kubwezera n'kwa Mulungu."

"N'zoona, ada. Koma za umboni wonama munaziwerenga m'buku lomwelo, ndipo tsiku lija simunazitchule."

A Alufeyo anabwerera pamalo pawo.

"Mkuwa uwu," anatero Killion, "ndinabwera nawo kuchokera ku Mzuzu zaka khumi ndi zitatu zapitazo. Ulowa m'bowo umu choona chikatuluka m'kamwa mwanu. Apo ayi, ndinyamula zida zanga, muitane wa guluu."

Anakhala pansi n'kupitiriza kusema. Tizipalo ta mtengo tinkagwera pamapazi a Bester. Bester anayang'ana boti lake lomwe linali litayamba kung'aluka matabwa ndi dzuwa. Anayang'ana ana ake aamuna awiri, omwe ankadya za boti lomwelo, ndipo iwo anayang'ana pansi. Kenako Bester anang'ung'udza kanthu.

Killion analoza khutu lake. "Ili linafa ndi injini zanu. Kwezani."

"Ndinakhoma ndine."

"Munakhoma chiyani?"

"Chikhomocho."

"Ine ndili kuti?"

"Muli ku Mzuzu."

"Ndinakuuzani chiyani ponyamuka?"

"Kuti ndisaikhudze."

"Musauze ine, ndikudziwa kale. Wosadziwa ali uko."

Bester anayenda pamchenga wotentha anthu akumupatukira, mpaka pa bwato lovundikira. Anagwada movutikira, bondo limodzi kenako linalo, n'kunenanso zonse. Selina anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire, sanatukwane. Anangokweza chitenje pang'ono n'kumuonetsa mwendo wokhota uja, nthawi yaitali, mpaka Bester anatembenuza nkhope.

Apo Killion anatola mkuwa wake, anaupaka oyilo n'kuupotera. Unalowa ngati unachoka dzulo. Anayala gasiketi, chipepala cholimba chokhala pakati pa buloko ndi hedi, anamanga hedi kuyambira mabawuti apakati kupita kunja. M'mawa mwake anabweza injini m'boti, ndipo inalira kamodzi n'kamodzi. Anaisiya ikulira maola atatu, iye ataika dzanja pa buloko. Sipanatuluke ngakhale dontho.

Bester anabwera atatambasula dzanja. Killion anaikamo chikhomo chakupsa chija n'kumupinda zala.

"Chanu ichi. Ndakusungirani mokwanira."

Wonena kuti Killion anakhululuka akunama. Mpaka lero boti lija anthu a ku Usisya amalitcha Chikhomo, ngakhale m'mbali mwake munalembedwa dzina lina, ndipo mwini wake akamadutsa amayi amafunsana mokweza ngati pali amene ali ndi sanza. Nkhani zimenezi zikafika ku Chintheche, Killion amapempha kuti amufotokozerenso kachiwiri, kukhutu labwino. Mpingo unamulembera kalata yomubwezera paukulu. Anaiwerenga, anaipinda, ndipo sanayankhebe.

Koma tsiku lomwe injini inalira, akumanga zida zake kuti akwere boti lobwerera, anamva ndodo ikugunda mchenga kumbuyo kwake. Sanatembenuke. Anapitiriza kulongedza zida m'chikwama.

Selina anaima n'kuyang'ana zidazo zili pa chiguduli. Ndi nsonga ya ndodo anasankhula masipanala atatu akale, othothoka m'milomo, n'kuwakankhira pambali.

"Akadalipo awa?"

"Alipo, alongo."

"Iwe Killion," anatero Selina, ndi mawu omwe ankamuitanira akachedwa kunyanja ali mwana, "boti limenelo lipite lokha. Kondowole ndaphika wa anthu awiri, ndipo mwendo uwu sungandibweretsenso kuno kachiwiri kudzakuitana."

Killion ananyamula chikwama n'kumutsatira, akufupikitsa mapazi kuti asamupitirire.