Buku la kwa Wosoka Nsapato

Nditatumizidwa kukaphunzitsa ku Kaporo kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndinkachita lendi kwa mkulu wa mpingo wina, mlimi wa mpunga. Bambowo ankaweta mabuku achikhristu ngati mmene ena amawetera nkhunda, ndipo sankasankha mtundu. Anali ndi katekisimu wa nthawi ya amishoni amene anasiya bambo awo, mabuku a nyimbo a Chitumbuka ndi a Chinkhonde, kabuku ka malangizo a banja, mbiri za ofera chikhulupiriro, ndi timapepala toopseza za moto wa ku gehena, tina ta Chichewa, tina ta Chiswahili timene iwo sankamva n'komwe. Zonsezi zinkagona m'katoni kunsi kwa bedi.

Chaka china mtsinje unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Akazi awo anapulumutsa mpunga ndi nkhuku, katoni n'kuisiya ikusambira. Madzi ataphwa, mabuku aja anali atasasuka zikuto zonse. Tinayanika masamba ake pamphasa, koma masana kunabwera kamvuluvulu, ndipo tinakawatola m'nthochi za aneba, ena padenga la khola.

Abambo anatenga mulu wonsewo kupita nawo kwa wosoka nsapato pamsika. Munthuyo anasanja masambawo potengera kukula kwake, n'kusoka buku limodzi lonenepa ngati njerwa, chikuto chake cha chubu cha galimoto.

"Bwanji simunayang'ane manambala a masamba?" ndinamufunsa titakalitenga.

"Ine ndimaona saizi basi, asambizgi," anayankha, poti kumeneko aphunzitsi amatitchula choncho. "Koma ili silidzang'ambikanso. Ngakhale kupita nalo kumunda."

Loweruka lotsatira kunabwera mnyamata ndi mtsikana ofuna kumanga ukwati, kudzalandira malangizo. Magalasi a abambo anali atapita ndi madzi, choncho anandiitana.

"Asambizgi, tatiwerengerani pa nkhani ya banja. Chichewa ndi chanu ichi."

Tinakhala pakhonde. Amayi anali chapatali akupeta mpunga. Ndinapeza tsamba la malangizo, ndipo mzere wake womaliza unali funso: "Kodi ukwati n'chiyani?" Ndinalifunsa mokweza, ndi mawu a m'kalasi, n'kutembenuza tsamba.

"Ndi dzenje la moto wosazima. Olowamo amalira usana ndi usiku, ndipo palibe anatulukamo."

"Amen!" anatero amayi, osasiya kupeta.

Mnyamata uja anayang'ana kumene anaimika njinga yake. Ine ndinafuna kufotokoza kuti tagwera m'kapepala ka gehena, koma abambo anakweza dzanja.

"Pitirizani. Mabukuwa amayamba ndi zowawa, zokoma zili kutsogolo."

Ndinatembenuzanso. "Pomwepo anam'manga manja ndi miyendo, nam'pereka kwa zilombo, abale ake akuonerera."

"Amenewo ndi alamu," anatero amayi.

Mtsikana anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mnyamata anafunsa ndi mawu otsika: "Bambo, kodi zimenezi zimachitika chaka choyamba chomwe?"

Abambo anayamba kutuluka thukuta. Anandilanda bukulo, n'kuliyandikiza pamphuno, n'kutsegula penapake. Mwamwayi panali nyimbo ya Chinkhonde imene ankaidziwa pamtima, ndipo anaiyamba ndi mphamvu zonse. Tonse tinalandira, ine ndikungong'ung'udza poti mawu sindinkawadziwa. Titafika pakati amayi anaika lichero pansi n'kufunsa chifukwa chimene tikuimbira nyimbo ya kumanda.

Apo ndiye abambo anatseka bukulo n'kulikhalira. Anawalangiza anawo za m'mutu mwawo: asamagone atakwiyirana, ndipo mwamuna asamagulitse mpunga mkazi osadziwa. Pa mawu omalizawa amayi anatsokomola kwambiri, mpaka ndinakawatungira madzi.

Ukwati unachitika mwezi wotsatira. Mkwati analumbira mawu akunjenjemera, koma analumbira ndithu, ndipo kumadyerero ndinadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, mpaka ndinalephera kupalasa njinga pobwerera.