Buku la ba Tisa

Dzulo pamsika wa Chongwe ndinapeza buku lija, la mtsikana wokondana ndi mnyamata womwa magazi.

Akulu anga, ba Tisa, ankalibisa m'thumba la chimanga kwathu ku Palabana, n'kumandisimbira nkhani yake tikamapalira. Ine ndinangogwira za magazizo, ndinayesa n'zenizeni. Ndinathamangira kwa amayi: "Ba Tisa ali na chibwenzi chakumwa magazi."

Amayi anaponya bukulo pambaula, n'kuitanitsa akatekisiti. Ba Tisa sanalire. Anangoti, "Sin'natsilize, iwe." Sanandisimbirenso kanthu.

Ndaligula, ndaliwerenga. Mtsikanayo amatopetsa, ntchito kudikira mwamuna basi. Koma kusungulumwa kwake kunalembedwa bwino, ndipo ndi komwe kunali mwa ba Tisa, ine osaona. Mathero ndawadziwa tsopano, koma woti ndimuuze tinamuika kale.