Ganyu ya M'chipale ndi Munda wa Mayi

Ndinaganiza zochoka nditatopa ndi kukonza mawaya a anthu pa Dowa Boma n'kumalipidwa "zikomo". Mzungu wina amene tinaika naye masola pachipatala china anati kwawo, kumapiri a ku Ulaya, kuli ganyu ya mawaya nthawi ya chisanu. Vuto linali limodzi: chisanu chawo chimagwa m'dzinja lathu, anthu akulima. Munda umene malemu mayi anandisiyira ku Msakambewa ndinausiya m'manja mwa alamu anga aChikhosi, malume ali pompo. "Ingogwirizirani, ndibwera," ndinatero.

Ntchitoyo inali ya pampikisano wa anthu otsetsereka paphiri la chipale chofewa, atamanga matabwa kumapazi. Ine anandiika pakatikati pa phiri, pomwe amafuna kudziwa ngati munthu akutsogola kapena watsalira asanafike kumunsi. Ndinkazika timitengo tiwiri, kena tsidya ili la njira, kena tsidya ilo, kena kotulutsa kuwala, kena kolandira. Munthu akadutsa, kuwalako kumaduka, waya n'kutumiza nthawi yake kumunsi. Wayayo ndinkamukwirira m'chipale, timitengoto n'kutitchinga ndi matiresi kuti wogwa asavulale. Kamtengo kakangopendekeka pang'ono, nthawi yasowa, bwana wayamba kukuwa pa ovaova, kawailesi kolankhulirana kaja.

Kunena zoona zinkandipsetsa mtima. Uvutike m'mawa wonse, zala zitauma ngati makaka, wina angodutsa fyuu, osakuona n'komwe. Moni kulibe. Kuchipinda ndinkadya ndekha, foni ili pambali, ndipo mauthenga akumudzi ankangofuna zithunzi ndi ndalama. Ndinkatumiza zonse ziwiri, ya feteleza yomwe, ndikumati ndikudyetsa munda wanga.

Tsiku lina mlongo wanga anaimba mpikisano uli pafupi kuyamba. "Achimwene, alamu anu akufunsa za kumunda kuja, akuti..." Pompo ovaova inalira: nthawi ya pakati sikufika kumunsi. Chipale chinali chitamata pagalasi la kamtengo. Ndinadula foni, n'kugwada kumapukuta. Nditaimbanso madzulo anangoti, "Ayi, musavutike, takambirana." Kukambirana ndi ndani, mwini wake ndili kuno? Nyengo ya chisanu itatha mabwana anandisunga kuti ndizikonza zida, kenako ina inayamba, ndipo ndinakhalitsa.

Pobwerera ndinatsika minibasi pa Boma, n'kukwera njinga yamoto mpaka kumudzi. Ndisanalowe m'nyumba ndinathamangira kumunda. Ndinapeza chigafa chachitali choyanikamo fodya chili pakati, ziputu za fodya paliponse, ndi mzere wa bulugamu m'malire, wotalika kale kuposa ine. Ndinalunjika kwa malume kukadandaula.

Malume anandimvetsera mpaka nditatha mawu. "Mphwanga," anatero, "munthu wamanga chigafa, wadzala mitengo. Akudya mmenemo ndi ana a mlongo wako, mbumba yako yomwe. Tigwetse?"

"Koma malume, tsiku lija inu munalipo."

"Ine ndinalipo, ndipo ndilipobe. Iwe ndiye sunalipo."

Palibe anakwiya, palibe anachita manyazi, ndipo zimenezo n'zomwe zinandipweteka kwambiri. Kwathu munda sausunga ndi mawu kapena ndi ndalama za pafoni, amausunga ndi khasu, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezi kupatula ine.

M'mawa mwake aChikhosi anabwera ndi nkhuku ya mlendo, n'kukhala pansi mwaulemu. "Alamu," anatero, "ngati ulendo uno mukhalitse, tikhoza kukubwerekani mizere ingapo chakumunsi uko."

Ndinavomera, poti mvula inali pafupi.