Wobwereza ndi Linki ya Abwana

Tsiku limene mvula inakokolola masokosi ake onse n'kuwalowetsa m'ngalande, Wobwereza anakhala pa katoni yonyowa n'kulira. Mwayi wake, odutsa ankangoyesa ndi mvula yomweyo.

Dzinali anam'patsa ndi anzake, chifukwa mayeso omaliza a kusekondale anawalemba mpaka oyang'anira mayeso anayamba kum'funsa za odwala kunyumba. Atatopa anayamba kugulitsa masokosi mumsewu. Ndiye taonani, masokosi nawonso am'thawa.

Koma ana anga, mwanayu anali ndi kamatenda kamodzi kabwino. Chinthu chikam'kana, mawa lake ankabweranso. Analowa sukulu ya makompyuta kuseri kwa malo ometera, kumene makina ankalira ngati chigayo. Kumenekonso anabwereza, musadandaule. Kenako kampani ina yogulitsa nsapato inam'tenga kuti imuyese kaye.

Abwana ake anali mayi wa magalasi a pamphuno. M'mawa uliwonse ankafuna lipoti la malonda a masitolo awo: ya kumsika, ya kudepoti ndi ya pamphambano. Malipotiwo ankatuluka mu pulogalamu ina ya pa intaneti. Inu ophunziranu mukudziwa kale kuti linki ili ngati mwana wotumidwa. Kumchira kwake umalembako chimene ukufuna, monga sitolo=kumsika, iyo n'kukakutengera za sitolo imeneyo basi.

Wobwereza ankawatumizira malinki atatu.

"Achimwene, zala zangazi si zoimbira gitala," anatero abwana. "Ndikufuna linki imodzi, masitolo onse atulukiremo. Lachisanu kuli msonkhano. Zikakanika, msewu uja sunasamuke."

Poyamba Wobwereza anamata maina a masitolo onse pamodzi ngati anthu a pampando wa kumbuyo m'minibasi. Pulogalamu inafunafuna sitolo ya dzina lalitali chonchi, n'kubweretsa tsamba loyera mbee. Abwana ataliona anaimbira ogulitsa onse kuwafunsa amene anawauza kuti atseke.

Kenako anasiya mipata pakati pa mainawo. Linki itafika pafoni ya abwana inaduka pakati ngati mchira wa buluzi, n'kutulutsa za kumsika zokha. Wa kudepoti anakalipidwa tsiku lachiwiri lotsatizana, asakudziwa chimene walakwa.

Kunyumba mlongo wake anam'landira mwaulemu wonse.

"Achimwene, musade nkhawa. Ndakusungirani katoni ina, youma bwino."

"Iwe, ntchito sinathe."

"Eya, ndangoti isasowe Lolemba."

Mawa lake Wobwereza anabwerera kuntchito. Anzake akapita kukadya masana, ankatsala n'kumawerenga malangizo a pulogalamuyo, dikishonale ili pamwendo. Ayesa ichi, tsamba loyera. Ayesa icho, tsamba loyera. Thukuta linanyowetsa malaya ake obwereka mpaka mwini wake akanaona akanawalanda pomwepo.

Lachinayi masana anatsegula zenera kuti apume. Pansipo, mnzake amene anatenga malo ake mumsewu anali kukuwa: "Masokosi akuda! Masokosi oyera! Masokosi a ana!"

Kakuwidwe kameneka anam'phunzitsa ndi Wobwereza yemweyo. Mumsewu anthu saima kuti amve zonse. Mtundu uliwonse umautchula ndi dzina la katundu wako, ngakhale pakhosi pawume, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti ndi masokosi. Wobwereza anaima chilili. Kodi makinawa si chimodzimodzi ndi munthu wa mumsewu?

Anakhala pansi n'kulemba, akulumikiza ndi kachizindikiro kaja kooneka ngati munthu wopinda miyendo: sitolo=kumsika&sitolo=kudepoti&sitolo=pamphambano. Anatsinzina n'kudina. Atatsegula diso limodzi, masitolo onse anali atafola pagalasi ngati ana oyembekezera kujambulidwa.

Lachisanu abwana anadina kamodzi pamaso pa msonkhano wonse. Lipoti linatuluka lathunthu. Anatsitsa magalasi n'kuyang'anitsitsa linkiyo.

"Nanga mawu akuti sitolo mwangowabwerezabwereza bwanji?"

"Bwana, kubwerezako ndi kumene ndinapitira kusukulu."

Wa kudepoti ndiye anaseka kuposa onse. Abwana anangoti, "Lolemba mubwere ndi zithunzi za chiphaso cha ntchito. Mugulenso malaya anuanu."

Lero kampaniyo yachulukitsa masitolo, ndipo linki ya Wobwereza yatalika moti foni imachita kupuma kaye isanaitsegule. Masokosi amagula kwa mnzake uja, osanenerera mtengo. Katoni youma ija mlongo wake amasungiramo nsapato zimene iye anam'gulira.

Ndiye iwe amene walepheranso chaka chino, pukuta maso. Akakuseka kuti ukubwereza, uwauze kuti uli pa maphunziro apadera. Osataya mtima, mwanawe. Mawa upitenso.