A Bauleni ndi Kavalo wa ku Halale

Anthu amene ankalawirira kuchokera ku Kawale kukagwira ntchito m'nyumba za mipanda ku Area 10, zaka zija likulu litangosamukira ku Lilongwe, ankawadziwa a Bauleni Nkhoma ndi fungo. Anzawo ankamveka sopo wa mabwana kapena utsi wa kukhitchini, koma iwo ankamveka kavalo. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhula. Mumzinda wonse anthu odziwa kusamala akavalo a mjaha anali ochepa kwambiri, ndipo azungu amene ankaweta nyamazi ankatchula dzina lawo mwaulemu. Ulemu umenewu ndi umene unkawadya a Bauleni mumtima.

Kwawo kunali ku Mitundu. Anachokako mu 1954, ali mnyamata, n'kupita ku Halale, ku Rodeshiya, pa selefu, kutanthauza paokha osadzera kwa olemba anthu ntchito, monga ankachitira anzawo ambiri. Kumeneko anafikira kwa a Benedicto Chadza, munthu wa mudzi woyandikana ndi wawo, amene anali atakhalako kale zaka zisanu. A Benedicto ankagwira ntchito pa famu ya mzungu woweta akavalo othamanga, kunja kwa mzinda. Ndi iwo amene anawapezera a Bauleni malo pafamupo, anawabwereka bulangete, n'kuwaphunzitsa kuyandikira kavalo chakumapewa, kupala ziboda ndi kudziwa matenda pongoika dzanja pa mwendo.

Pafamupo panali kavalo wamphongo wofiirira, wa banga loyera pamphumi. Dzina lake la pa mapepala linali lachizungu, lopinda lilime, ndiye antchito ankangomutcha Namondwe. Atate ake anabwera pa sitima yapamadzi kuchokera ku Mangalande, atapambanako mijaha kumeneko, pamene amake anabadwira ku Natala, ku South Africa. Namondwe yemweyo anabadwira m'manja mwa a Benedicto, ndipo palibe wina amene ankamulola kumukhudza kumakutu. Pa mijaha khumi ndi isanu imene anathamanga, anapambana khumi ndi umodzi. Ankayamba mwaulesi, ali kumbuyo kwa onse, ndipo pokhota komaliza m'pamene ankatambasula khosi n'kuwadutsa anzake mmodzimmodzi, anthu akuimirira m'mipando. Zikho zake zinadzaza shelefu ya m'nyumba ya bwana.

Lamlungu lina la mu 1960, kutatsala masabata awiri kuti mjaha waukulu wa chakacho uchitike, a Benedicto anafuna kupita ku Misa. Anapempha a Bauleni kuti amutulutse Namondwe akadye msipu mumpanda wake, ndipo akamulowetsa mumpandamo atseke geti ndi mpiringidzo, chifukwa kutsidya kwa waya kunali akavalo aakazi. A Bauleni anavomera. Koma tsiku limenelo kukomboni kunali mowa, ndipo ng'oma inali itayamba kale. Anakankha geti ndi phazi, anamva lagunda, n'kuthamangira kumowa osabwerera kukaona mpiringidzo. Masana asanapendeke Namondwe anali atatuluka, atalumphira waya waminga, mwendo wakutsogolo utang'ambika mpaka mtsempha.

Bwana anaitana antchito onse pabwalo. A Benedicto, akadali m'malaya awo a kutchalitchi, anafotokoza kuti kavaloyo anamusiya m'manja mwa mbale wawo. Bwana anatembenukira kwa a Bauleni n'kuwafunsa ngati zinali choncho. Iwo anaona nkhope ya mzunguyo, anaganiza za chitupa chawo chowaloleza kugwira ntchito m'dzikomo ndi za ulendo wobwerera kumudzi chimanjamanja, ndipo anayankha kuti, "Sanandiuze kanthu, bwana. Ine ndinali kukomboni."

A Benedicto sanatsutse. Anangowayang'ana nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Mawa lake anachotsedwa ntchito, chitupa chawo chitalembedwa mawu oti pasapezeke famu ina yowalemba, ndipo sabata isanathe anawakweza sitima.

Kavalo wovulalayo anaperekedwa kwa a Bauleni. Anamusamala ngati munthu amene akufuna kufafaniza chinthu: ankatsuka bala katatu pa tsiku, ankamuyendetsa pang'onopang'ono, mowa anausiyiratu. Patatha miyezi isanu ndi itatu Namondwe anayenda, ngakhale ankatsimphina. Kuthamanga kunathera pomwepo, koma anayamba ntchito ina. Alimi ankabweretsa akavalo awo aakazi kuchokera ku Bulawayo, ku Gwelo, ena mpaka ku Lusaka, kuti atenge mbewu yake. Ana ake anapitirira zana limodzi, ambiri ali ndi banga lomwe lija pamphumi ndi khalidwe lomwe lija loyamba mochedwa. Atatu mwa iwo anadzapambana mjaha umene atate awo anauphonya. Namondwe atafa mu 1969, bwana anawalembera a Bauleni kalata yowayamikira kuti ndi amene anapulumutsa kavalo amene wantchito wina wosasamala anamuwononga.

Kalata imeneyi ndi imene inawapezetsa ntchito ku Lilongwe. Anabwerera kumudzi, anakwatira a Alinesi, ndipo mu 1973 anatsikira mumzinda, kumene mathirakitala ankagumula tchire kuti pamangidwe maofesi a boma. Dona wina wa ku Area 10, mkazi wa injiniya wa misewu, ankaweta akavalo anayi pa malo amene anabwereka kuseri kwa Area 43. Anakulira ku Rodeshiya, ndipo ali mtsikana anaonererapo Namondwe akuthamanga. Atawerenga kalatayo anagwira a Bauleni dzanja ndi manja onse awiri, chinthu chimene mzungu aliyense anali asanawachitirepo.

Dona ankakonda kubweretsa alendo kukhola Loweruka. Ankawaimitsa a Bauleni patsogolo n'kuwauza kuti atchule mtundu wa Namondwe, atate ake, amake, agogo ake, mijaha yake ndi ana ake, ndipo iwo ankatchula zonse osaphonya, m'chilapalapa, chilankhulo cha m'mafamu a ku Halale, chosakaniza ndi Chingerezi chawo chochepa. Pamapeto pake nthawi zonse pankapezeka mlendo wofunsa za wantchito uja anasiya geti. A Bauleni ankayankha kuti anali munthu wina wa kwathu konkuno, n'kuwerama kutola bulashi. Masiku amenewo ankafika kunyumba osafuna kudya, ndipo a Alinesi ankaganiza kuti ndi kutopa.

A Bauleni anawaonanso a Benedicto koyamba mu 1974. Linali tsiku loti atenge chishalo chimene anakasoketsa kwa a Sumaila, mmisiri wa zikopa pafupi ndi mzikiti wa ku Old Town. Atadutsa anyamata a chipani amene ankaona makadi pachipata cha msika, anaona munthu wa imvi atakhala pa chitini pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, akumata chubu cha njinga. Anamuzindikira ndi mmene ankayendetsera chala pa chubucho pofufuza pobooka. Anabwerera m'mbuyo, n'kulowa pakati pa ogulitsa makala, ndipo anafika kwa a Sumaila mozungulira.

Kuyambira tsikulo msewu umenewo anausiya. Tsiku lina akuchokera kumsika ndi akazi awo tayala linaphwa chapafupi pomwepo, ndipo a Alinesi analoza mmisiri wa pansi pa mtengoyo. A Bauleni anakana, nati munthuyo sadziwa ntchito, ndipo anakankha njingayo mpaka ku Kawale, thumba la ufa lili pakaliyala, dzuwa likuswa mtengo. Atafika anazindikira kuti amunamiziranso kachiwiri munthu yemwe uja, ndipo anakhala kuseri kwa nyumba mpaka thukuta linauma.

Chakumapeto kwa 1976 Dona anagula kavalo wamkazi kwa mlimi wa ku Chipata, mdzukulu wa Namondwe kudzera mwa mwana wake wamphongo, ali ndi bere kale. A Bauleni ataona banga la pamphumi pake potsika mulole, anaiwala kugwira chingwe. Kavaloyo anafika nthawi yake m'mwezi wa Okutobala chaka chotsatira, m'mawa dzuwa litakwera. Anagona, anadzuka, anagonanso, thukuta lili chuchuchu, koma panatuluka mwendo umodzi wokha. A Bauleni analowetsa dzanja n'kupeza kuti mwendo winawo wapindikira kumbuyo. Anali ataonapo zotere kawiri ku Halale, koma maulendo onse awiri iwo ankangogwira mutu wa kavalo, wokonza anali wina. Dona anathamangira kunyumba kukaimba foni, n'kubwera ndi yankho loti dokotala wa ziweto ali ku Kasungu ndipo sabwera mpaka mawa.

A Bauleni anayesa kachiwiri, osatheka. Kavaloyo anayamba kufooka, maso akutembenuka. Pamenepo anauza Dona kuti ku Old Town kuli munthu amene angathe.

Anakwera galimoto ya Dona, magazi ali m'mikono. Atafika pamtengo paja anatsika okha. A Benedicto anali ndi kasitomala, ndipo atakweza maso sanaonetse kudabwa, ngati kuti zaka zonsezi ankawaona akuzemba. A Bauleni anagwada pafumbi, anthu odutsa akuima kuti aone, n'kunena kuti, "Achimwene, ndine woipa pamaso panu, ndipo sindinabwerere kudziyeretsa. Mdzukulu wa Namondwe akufa ndi mwana m'mimba. Mwendo wapindika."

A Benedicto anamaliza kupopa tayala limene linali m'manja mwawo, analipereka kwa mwini wake, n'kupempha mayi wogulitsa nthochi pafupi kuti awaonere zipangizo. Anafunsa funso limodzi lokha, loti madzi anasweka nthawi yanji. M'galimoto anakhala kumbuyo onse awiri, aliyense akuyang'ana zenera lake.

Kukhola a Benedicto anavula malaya, anasamba mikono ndi sopo, n'kumulankhula kavaloyo motsitsa mawu mpaka anadekha. Anauza a Bauleni kuti amuimiritse n'kumuyang'anitsa kumunsi kwa chitunda. Kenaka anakankhira mwanayo m'kati, anafufuza bondo, anafumbata chiboda m'dzanja kuti chisang'ambe make, n'kuuwongola mwendowo pang'onopang'ono. Zinatenga nthawi yosakwana theka la ola. Anabadwa wamphongo, wofiirira, ndipo pasanapite nthawi anayamba kulimbana ndi miyendo yake kuti aime.

Dona, misozi ili m'masaya, anafunsa mkuluyo kumene anaphunzira zimenezi. A Benedicto anapitiriza kupukuta mikono ndi udzu. Amene analankhula ndi a Bauleni. Ananena kuti uyu ndiye anabadwitsa Namondwe ndi kumulera mpaka kupambana mijaha yonse ija, kuti geti lija anasiya ndi iwo a Bauleni chifukwa cha mowa, ndiponso kuti anakana pamaso pa bwana mbale wawo ataima pomwepo. Dona anafiira nkhope. Anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, kenaka anati zimenezo n'zakale, chachikulu n'chakuti mwana wabadwa. A Bauleni anaona kuti mayiyo sanamve kulemera kwake, ndipo zinawapweteka kuposa akanawakalipira.

Dona atapita kukatenga tiyi, awiriwo anatsala atatsamira mpanda. A Benedicto anafotokoza, osakweza mawu, kuti ku Halale anasiya mkazi wa Chizezuru ali ndi pakati, kuti analemba makalata anayi osayankhidwa, ndipo mpaka tsikulo sankadziwa ngati anabereka mwamuna kapena mkazi. Anafunsanso ngati Namondwe anavutika pakufa. A Bauleni anayankha kuti anafa atagona pamsipu, atakalamba. A Benedicto anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye munamusamala bwino. Zinazo musandifunse lero."

Dona anapempha a Benedicto kuti ayambe ntchito pakholapo, koma anakana, nati msana sukuwalolanso ndipo anthu a njinga anawazolowera. Anangovomera kumabwera Loweruka kudzaona kamwanako. Alendo a Dona akafika, a Bauleni ankapezeka kutali, akutunga madzi kapena kudula udzu, ndipo Dona sanawaitanenso kuti atchule mtundu wa akavalo.

A Alinesi anamva nkhaniyo kwa amuna awo tsiku lomwelo, akusenda mtedza pakhonde. Sanasiye kusenda. Anangofunsa ngati mkuluyo ali ndi womuphikira, ndipo atamva kuti amakhala yekha ku Mchesi, anayamba kumapatula ndiwo m'kambale n'kumusiyira popita kumsika. Kwa masabata angapo ankawayankha amuna awo ndi mawu amodziamodzi.

Kontirakiti ya injiniya inatha mu 1980, ndipo akavalo onse anagulidwa ndi mwini esiteti ya fodya ku Namitete. Tsiku lokweza, mwana wa kavalo uja, amene tsopano anali wamtali kuposa make, anakana kukwera lole. Amuna anayi anamukoka osatheka. A Benedicto, amene anabwera wapansi kuchokera ku Mchesi ngakhale silinali Loweruka, anatenga chingwe n'kukwera naye ngati akulowa m'khola. Lole itapita anawauza a Bauleni kuti dalaivalayo akuoneka wothamangitsa, ndipo a Bauleni anavomereza. Anayenda limodzi mpaka pa mlatho wa Lilongwe, pamene njira zawo zinkasiyana.

A Bauleni anagwirako ntchito ya ulonda pa sitolo ya Mmwenye zaka ziwiri, kenaka anabwerera ku Mitundu kukalima fodya ndi mtedza. A Benedicto anamwalira mu 1984, ndipo uthenga unafika kumudzi maliro ataikidwa kale. A Bauleni anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ana awo amati bambo awo ankadziwa kuchiza ng'ombe za mudzi wonse, koma munthu akawathokoza ankachoka msanga, nthawi zina osamwa n'komwe thobwa limene awakonzera.