Ndinkalawa Chakudya cha Atate

Azakhali anga anandichenjeza ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anati, "Mwana iwe, wa mu ofesi akakuuza kuti bwerani mawa, usachoke. Khala pakhonde pakepo mpaka atope nawe." Anali mawu abwino, koma anandipeza mochedwa.

Atate anali mlimi wa thonje kwathu ku Zemba. Tsiku lina alendo awiri okusa ng'ombe anawafunsa njira ya kumalire a Mozambiki, iwo n'kuwalozera monga achitira munthu aliyense. Ng'ombezo zinali zakuba. Akubawo sanapezeke, koma wolozera njira anapezeka ali m'munda mwake, khasu lili m'manja. Apolisi anawatsekera kuboma kuti adikire khoti.

M'selo chakudya chinali chosakwanira, abale ndiwo ankadyetsa munthu wawo. Amayi anali ndi pakati potopa, choncho ananditumiza kwa azakhali, pafupi ndi boma, kuti ndizipereka ine. Lamulo linali lakuti wobweretsa chakudya ayambe walawa pamaso pa wapolisi, kuopa chiphe. Ndinkatsina mbatata, n'kumwako thobwa pang'ono, kenako atate ankaonekera pakazenera ka zitsulo. Fungo la ndowa ya m'katimo linkafika panja, koma iwo ankaseka nane.

"Walawa kapena wadya theka, kamkazi iwe?" ankatero, kwinaku akutsokomola.

Mlandu wawo unkayenera kukazengedwa ku Chipata. Azakhali akafunsa tsiku, yankho linali limodzi: galimoto ilibe mafuta, bwerani mawa. Mvula inabwera n'kupita. Thonje linaphulika m'munda popanda wothyola. Amayi anachira mwana wamwamuna amene atate anangomumva dzina.

Ndiye kunabwera bwana wamkulu kudzatsegula nyumba yatsopano yogona alendo a boma. Ana tonse anatindandalitsa m'mbali mwa msewu kuti tiimbe. Magalimoto anadutsa mondondozana, onyezimira, fumbi lake likutilowa m'kamwa. Ine ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, chifukwa ndinkaganiza kuti mafuta apezeka, imodzi mwa magalimotowo yabwera kudzatenga atate.

Sabata imeneyo atate sanaonekere pakazenera. Wapolisi ankangoti, "Agona. Lawa, usiye apo." Ndinkalawa, n'kusiya, n'kubwerera. Ndinatero masiku anayi. Lachisanu ndinapeza wapolisi wina wachikulire. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine, n'kuvula chipewa.

"Mwanawe, sanakuuze? Pita ukaitane akuluakulu."

Atate anali atamwalira Lolemba, chifuwa chitawapana. Tinawanyamula pa ngolo ya ng'ombe imene amalume anabwereka.

Amene ankadya mbatatazo sindinamudziwe, ndipo si iye amene amandipweteka mtima. Chimene chimandipweteka n'chakuti atate sanaimepo pamaso pa woweruza kuti anene mbali yawo. Sanapezeke olakwa, sanapezeke osalakwa. Mpaka lero pamaliro kapena pachitsime pamakhala wina wonong'ona kuti uja ndi mwana wa wakuba ng'ombe.

Tsopano ndili ndi zidzukulu, ndipo ndimamvabe za anyamata a m'midzi ino amene akhala pa rimandi, kudikira khoti m'selo, miyezimiyezi chifukwa cha mbuzi imodzi, amayi awo akuyenda ndi timbale. Akumaofesi amati boma lilibe ndalama. Ndalamazo ndinaziona ndi maso anga zikudutsa mumsewu. Zilipo ndithu, kungoti pali munthu amene amakhala pampando n'kusankha kuti wosauka adikire.

Anthu amati ndine nkhalamba yovuta, sindikhulupirira ngakhale mdzukulu amene ndimutume kukapereka kalata ndikulembayi. Mwina akunena zoona. Ana anga ali kutali kumigodi, ndipo kuno munthu akalankhula chonchi amadziwika msanga. Choncho inu owerenga, mukamadutsa ku Zemba panjinga, patukirani panyumba ya malata adzimbiri kuseri kwa tchalitchi, mudzaone ngati ndikadalipo. Sindikutsegulirani msanga, ndiyamba ndakusuzumirani pamng'alu wa chitseko. Koma musatope, pitirizani kuodira mpaka mumve kuti ndayankha.