Saladi m'Ndiwo za Amuna Anga

Ku kiliniki ya ku Kapata, nesi anabaya chala cha amuna anga ndi kasingano, n'kudontheza magazi pa kapepala kolowetsa m'kamakina kokwana m'dzanja. Kamakinako kanaonetsa kuti mafuta achuluka m'magazi mwawo. Nesi anauza ine wophika kuti ndichepetse saladi m'ndiwo, apo ayi mitsempha yawo idzatsekeka.

Madzulo ndinaphika repu wopanda mafuta. Amuna anga analawa kamodzi n'kundigenda mbale kumaso. Atandigwetsa anandiponda pakhosi, akufunsa ngati anandikwatira kuti azidya ngati mbuzi. Dzino langa ndinalitola pansi pa mpando.

Sindinalire. M'mawa mwake ndinakagula botolo lalikulu la saladi ndi nyama ya nkhumba yonona. Mpaka lero ndimawathirira mosaumira, ndipo amandiyamikira kwa anzawo.